Chitini Changa ndi Labala wa Mpongozi

Lolemba, 4 Ogasiti
Chitini changa cha keke chasowa. Chija chakuda kunsi, chopindika pakona. Ndasanthula kabati yonse. Pamalo pake pali chinthu chofiira, chofewa ngati lilime la ng'ombe. Mpongozi akuti ndi silikoni. Ine ndikuti ndi labala. Loweruka mdzukulu wanga akukwanitsa zaka khumi ndi zisanu, ndipo chibadwire keke yake ndimaphika ndine. Ndiphikire muti tsopano? M'jombo?

Lachiwiri, 5 Ogasiti
Ndamufunsa mwana wanga. Maso pa foni. Akuti za kukhitchini sizimukhudza. Kudya kokha ndiye kumamukhudza. Mpongozi akuti labalayu sachita dzimbiri, keke simatirira, kutsuka kwake n'kosavuta. Ulesi basi. Chitsulo changa chadyetsa anthu zaka makumi atatu. Anafa ndi dzimbiri ndani? Manda ake ali kuti?

Lachitatu, 6 Ogasiti
Ndayesa, kuti asamati gogo ndi wamakani. Ufa, shuga, majarini, mazira anayi. Ndathira, ndagwira m'mbali monga ndimagwirira chitini. Chinthucho n'kupindika pakati ngati munthu wopanda msana. Theka pa chitseko cha uvuni, theka pa silipasi zanga. Apo ndiye akutulukira mwini wake: "Amayi, mumayamba mwachikhazika pa thireyi." Thireyi yake yachitsulo! Ndiye kuti popanda chitsulo labala saima payekha. Ngati mwamuna wake yemwe.
Ndakolopa ndekha. Mawondo.

Lachinayi, 7 Ogasiti
Kachiwiri, ndi thireyi yakeyo. Chitini ndimachigogoda ndi supuni, chimandiuza ngati keke yapsa. Labala salankhula. Keke yatuluka yotuwa m'mbali ngati yochokera kuchipatala. Chonsecho mdzukulu wanga amayamba kudya m'mbali mofiirira, pakati amasiyira abambo ake. Ndazunguliza mpeni m'mphepete monga mwa nthawi zonse. Labala wang'ambika mpaka pansi. Sindinapepese. Anandiuza ndani kuti amaopa mpeni?

Lachisanu, 8 Ogasiti
Ndachipeza. Pamwamba pa wadulopu kuchipinda kwawo, chokulungidwa m'thaulo ngati maliro. Ndinachikokera ndi ndodo ya tsache. Ndinamuyembekezera mpongozi pakhomo, chitini m'manja, mawu onse nditakonza kale. Wakuba, wachipongwe, ndi ena oti sindilemba.
Anatulukira. Anangondigwira dzanja n'kulitembenuza. "Amayi, zipsera zitatu mwezi umodzi. Manja anu akunjenjemera."
Anamutuma ndani kuwerenga zipsera zanga? Ine ndimayesa ndimabisa bwino ndi juzi. Kutentha konse kwa m'khitchini muno, juzi.
Sindinadye nawo masana.

Loweruka, 9 Ogasiti
Ndaphikira m'chitini changa. Ndapaka majarini ndi chala, ndawaza ufa, ndagogoda pakona popindika paja. Fungo lokha nyumba yonse inadziwa kuti mwini khitchini wabwera. Supuni inati yapsa. Ndinatsegula uvuni, kansalu m'manja. Dzanja lamanja n'kuyamba gule wake.
Mpongozi ali pakhomo, akupukuta mbale youma kale. Mbale imodzi yomweyo kuyambira pamene ndinayatsa uvuni.
Ndinati, waima ngati mtengo bwanji, tulutsa keke ikupserera.
Anatulutsa. Sanandiyang'ane kumaso. Pamenepo pokha ndiye ali ndi nzeru.
Mdzukulu wanga anabudula m'mbali monse tisanayatse n'komwe makandulo. Akuti keke ya agogo palibe angaifike. Sindinamuuze amene anatulutsa. Mayi akenso sananene.
Labala wong'ambika uja ndamuyala pansi pa mphika wa maluwa, kumeneko ndiye ntchito yake. Chitini chabwerera m'kabati, pa shelefu yapansi. Anachiika ndi mpongozi yemweyo.
Cholemberachi nacho lero chikuvuta kugwi...