Madala Awiri, Bwato Limodzi, Mwana Pakati

Cambridge,
Lachinayi masana

Amayi,

Lamlungu likubwerali madala awiri aja andimizira mwana mumtsinje. Sindikuseka ayi. Bambo ndi apongozi anga a Papworth apangana zoti Tessa apite ku ubatizo wake pabwato, iwo awiri akuyendetsa, wina uku wina uku, mwana pakati. Mukapanda kubwera, ine kaya.

Pepani ndayamba choncho osakupatsani ndi moni womwe. Muli bwanji Amayi? Msana uja ukukuvutanibe? Nanga mlongo wanga Dennis akukuthandizani kukoka mabwato, kapena akungojambulitsa ndi atsikana a ku America monga mwa masiku onse? Ife kuno tili bwino. Tessa wamera dzino limodzi ndipo akuluma chilichonse, dzana analuma chipewa cha Bambo. Mkamwini wanu Clive nayenso ali bwino, kungoti mutu wake ndayamba kuukayikira. Mumva.

Kalatayi ndapatsira a Redmond, oyendetsa basi ya alendo ija imaima pamlatho wa Magdalen kwathu ku Oxford, pafupi ndi mabwato anu. Kalembedwe kanga mukukadziwa, sukulu ndinaisiyira panjira, ndiye pomwe ndalakwitsa muzingolumpha.

Bambo anafika bwino Lolemba, keke munatumiza ija ili m'manja, angodyako kumphepete. Tsiku limenelo kunali kuseka kokhakokha. Apongozi anavala jekete yawo ya kuukwati n'kuwatenga kukawaonetsa tauni, ine pambuyo ndi kangolo ka mwana. Koma Bambo mukuwadziwa. Titafika pa tchalitchi chachikulu cha King's, alendo onse makosi m'mwamba, iwo anangoti n'chachikulu ndithu asewere, nanga ng'ombe zikudya udzu kuseriku nazonso n'zophunzira? Atawaonetsa mtsinje anafunsa kuti mtsinjewo uli kuti, poti iwo akuona ngalande. Apongozi anati asewere, ngalande yomweyi ndi imene inakulandani mwana wamkazi. Anaseka onse, n'kugulirana ayisikirimu.

Zinaipa titafika pamabwato. Inu simunafikeko kuno, ndiye ndikuuzeni. Mabwato ndi omwewo ngati athu, afulati, oyendetsa ndi mtengo wautali, mbali imodzi yokhomedwa thabwa pamwamba. Kwathu woyendetsa amaimirira m'kati, mbali yopanda thabwa, thabwalo n'kumatsogola. Kuno amakwera pathabwa penipenipo, mbali inayo ndiyo imatsogola. Ine ndinazolowera kale, sindiziwonanso.

Bambo atangoona Clive ali njo pathabwa ndi alendo ake, anakuwa mtsinje wonse kumva. Akuti mkamwini tsika pamenepo, waima ngati tambala padenga, ukuyendetsa anthu chambuyo! Alendo mpaka anayamba kusuzumira m'madzi kuti kaya chalakwika n'chiyani. Apongozi anayankha mofatsa, kaliwo ali kukamwa, kuti kuno mwamuna amaima poonekera, m'dzenjemo timaikamo masangweji ndi anthu a ku Oxford.

Apo ikanathera, koma apongozi anatulutsa nkhani ya ubatizo. Kubanja la a Papworth mwana aliyense amapita ku ubatizo pabwato, agogo ake aamuna akuyendetsa. Clive anapita choncho, iwonso akuti anapita choncho. Ine ndinkadziwa za mwambowu koma ndinkati ndidzaukana mwaulemu nthawi ikadzakwana, poti kuchoka kunyumba kufika kutchalitchi wapansi, tiyi amene wasiya patebulo sazizira.

Bambo sanakane za bwatolo, ayi. Chimene anakana n'choti mdzukulu wa iwo a Tuckwell ayambe ulendo wake woyamba chambuyo. Akuti mwana wotero amakula akuchita zonse chambuyo, tangoonani anthu akuno. Ayendetsa ndi iwo basi, ataima koyenera. Apongozi anati bwato ndi lawo, mtsinje ndi wawo, dzina la mwana ndi lawo, inu asewere mwabwera ndi keke yolumidwa.

Lachiwiri lonse sanalankhulane. Pakudya Bambo ankandiuza ine kuti uwauze apongozi akowo andipatsire mchere, chonsecho akhala mogundana zigongono. Madzulo ake Clive anawatengera kubala kuti akawayanjanitse, ndipo anawayanjanitsadi. Anabwerako atatu onse atakolekana mikono, akuimba. Clive nkhope ili ngwee, akuti mayi a Tessa, ndaithetsa nkhani ija. Aliyense adzaima kumene anazolowera, bambo anga pathabwa, bambo ako m'kati, bwato limodzi, palibe wonyozeka.

Ndinati bambo a Tessa, mwaledzera kapena? Akaima choncho ndiye kuti ayang'anana. Uyu akankhira uko, uyo akankhira kuno. Nanga bwato lilowera kuti? Madala anayang'anana n'kuseka. Bambo akuti usadandaule mwanawe, bwato limamvera wodziwa. Apongozi akuti n'zoona zimenezo asewere. Aliyense ankanena za iye mwini.

Ndinalimbikira mpaka anavomera kuti ayambe ayesera Lachitatu popanda mwana. Anatenga dengu lija munandipatsa logonekamo Tessa, n'kuikamo thumba la mbatatesi, n'kulifunditsa shawelo yoyera. Denguli analikweza pamwamba pa mpando wapakati, akuti tsikulo anthu adzamuone bwino mwana.

Amayi, dzulo kunali dzuwa, ndipo kuno dzuwa likawala mtsinje umadzaza mwakuti utha kuwoloka poponda mabwato. Pamilatho alendo ali thithithi ndi makamera. Ine ndinaima pamtunda nditanyamula Tessa, pafupi ndi mlatho wamatabwa uja umajambulidwa pamakadi ogula alendo.

Ananyamuka. Kunena zoona sananyamuke. Bwato linangoyamba kuzungulira pamalo amodzi ngati supuni m'kapu. Bambo akukuwa kuti asewere mukundibwezera m'mbuyo! Apongozi akuti kumbuyo ndi kwanuko! Anagunda bwato la Ataliyana, anagunda la masisitere, anabwereranso kwa Ataliyana aja. Abakha onse anasamuka. Clive akuthamanga m'mphepete n'kumakuwa kuti bwinobwino adadi, ndiye onse awiri ankatembenuka.

Kenako Bambo anasonkhanitsa mphamvu zonse za ku Oxford n'kukankha kamodzi kokha. Bwato linathamangadi, koma mtengo wawo unatitimira m'matope. Amayi, Bambo omwe aja akhala moyo wawo wonse akukalipira alendo kuti mtengo ukakanirira usiye, gwira bwato, sanausiye. Akuti sakanataya mtengo anthu a ku Cambridge akuona. Bwato linawachoka kumapazi, iwo n'kutsala lende pamtengo pakati pa mtsinje, chipewa chili kumutu. Anatsetsereka pang'onopang'ono, mwaulemu, mpaka madzi m'khosi.

Apongozi anaseka mpaka kaliwo anagwa. Anaiwala kuti bwato likupita kumene iwo afulatira, ndipo pathabwa paja m'pamwamba. Mlatho unawapeza pamapewa, phuu! Nawonso m'madzi. Alendo pamlatho anaomba m'manja, ankayesa ndi sewero la tsiku ndi tsiku. Mayi wina wa ku Japan anandifunsa kuti libwerezedwa nthawi yanji.

Inenso ndinaseka Amayi, sindinama, misozi mpaka kutuluka. Koma apongozi pofuna kukweranso anagwira m'mphepete mwa bwato, bwato linapendekeka, dengu linatsetsereka n'kugubudukira m'madzi. Mbatatesi zinamira osamveka ndi phokoso lomwe. Dengu linabwera likuyandama lopanda kanthu, shawelo ikulitsatira pambuyo, n'kudutsa pamaso panga penipeni. Kuseka kunandithera pomwepo. Ndinam'finya Tessa mpaka analira. Mpaka pano ndikatsinzina ndikuona shawelo ija.

Ndinkati basi, aphunzira. Ayi ndithu! Ndinawapeza kukhitchini atafunda mabulangete, mapazi anayi m'beseni limodzi la madzi otentha, akuthirirana kachasu wa ku Scotland m'tiyi. Chibwenzi chake ngati anabadwa mimba imodzi. Bambo akunyadira kuti bwato linalowera kumene iwo anakankhira. Apongozi akunyadira kuti iwo ndi amene anachedwa kugwa. Olakwa akuti ndi Ataliyana, mphepo, ndi mbatatesi, poti mbatatesi zimagubuduka pamene mwana amagona phee. Akuti tsopano taudziwa mtsinje asewere, Lamlungu zidzayenda ngati ukwati.

Mwaona Amayi? Pamene ankadana ndinali ndi chiyembekezo. Pano agwirizana, ndatsala ndekha.

Musaganize kuti ndangokhala. Ndinapita kwa abusa. Anaseka mpaka kuvula magalasi, akuti mayi, ubatizo umafuna madzi koma osati ochuluka choncho. Analonjeza kuti alankhula nawo. Atabwera, madala anawapatsa tiyi uja, ndipo pochoka anali akufunsa ngati m'bwatomo muli malo awo.

Clive ndinam'panikiza. Iyenso dengu lija analiona, ndipo kuyambira dzulo chakudya sichikumulowa. Koma ntchito ndi ya bambo ake, nyumba tikukhalayi ndi ya bambo ake, ndipo chibadwire sanawauzepo kuti ayi. Akuti mayi a Tessa, ndidzakhala pambuyo pawo m'bwato lina ndi ukonde uja timavuulira zipewa za alendo. Ndinati mwana wanga si chipewa! Akuti ndiye ukhalemo iweyo um'gwire. Ine amene madzi akandifika m'mawondo ndimaitana dzina lanu?

Bambo ndinawauza maso ndi maso kuti mwana wanga sakwera. Sanakalipe. Anangokhala pansi n'kuyamba kupukuta m'maso, akuti Lorraine, anakutenga iwe, ndinakhala chete, tsopano ndi mdzukulu yemwe ndisam'yendetseko kamodzi? Apongozi nawo akuti malemu akazi awo anasunga riboni ya bwato limene linanyamula Clive kuti idzagwire ntchito pa mdzukulu. Anaitulutsa m'kabati n'kundigwiritsa. Nanga ine ndinene chiyani? Madala awiri akundiyang'ana ngati agalu onyowa.

Ndikuuzeni chimene ndatsimikiza mumtima. Loweruka likada inu osaoneka, Lamlungu m'mamawa ndim'kulunga Tessa ndikwere basi yobwera kwanuko. Koma sindikufuna Amayi. Chakudya chagulidwa kale, alongo awo a apongozi akubwera kuchokera ku Ely ndi zipewa zatsopano, ndipo Clive adzayenda bwanji pamtsinje anzake akumuimba kuti mkazi anathawitsa mwana pa ubatizo? Anthuwa amandikonda, inenso ndimawakonda. Apongozi m'mawa uliwonse amam'nyamula Tessa kukam'patsa moni abakha. Sindikufuna kuwachititsa manyazi. Ndikungofuna mwana wanga akafike kutchalitchi ali wouma.

Inu nokha ndi amene mungathe. Pamabwato anu mwana wosayamba kuyenda sakwera, ndipo palibe anakusunthanipo. Ndikukumbukira bwana uja wa ku yunivesite wa mkanjo wakuda amene anakuuzani kuti kodi mukundidziwa, inu n'kumuyankha kuti ayi, koma mtsinje ndimaudziwa. Lero m'mawa nditangonena kuti ndikulembera Amayi, Bambo supuni inawagwa. Akuti aaa, usawavutitse mayi ako, ali ndi msana. Apongozi anasiya kutafuna n'kufunsa chapansipansi ngati ndi mayi omwe aja anawazimitsa kaliwo paukwati wathu osalankhula liwu, kungowayang'ana. Nditati eya, anapita kukabisa kaliwo m'thumba la jekete, chonsecho inu muli ku Oxford.

Ndikudziwa munati nyengo ya alendo simungatseke mabwato ngakhale kubwere mfumu. Musatseke. Musiyireni Dennis masiku awiri okha, akamiza limodzi Clive adzakukhomerani lina. A Redmond akuti Loweruka adzakusungirani mpando wakutsogolo, wabwino kumsana, ndipo simulipira poti nawonso anali pamlatho dzulo.

Mudzangoima pakhomo Lamlungu m'mawa, dzanja lili pa kangolo ka mwana. Madalawo apite pabwato lawo ndi riboni yawo, dengu tidzaikamo keke, ife tiziyenda pamtunda tikuwakwezera manja. Akakafika ouma, Mulungu alemekezeke. Akakafika onyowa, matawulo ndawachapa kale.

Koma chinthu chimodzi Amayi, ndagwira mwendo wanu. Adzakufunsani kuti munthu amayenera kuima mbali iti ya bwato. Ndikudziwa yankho muli nalo, ndipo ndikudziwa mmene mumaliyankhira. Mulisunge m'kamwa mpaka abusa atanena ameni.

Mundiperekere moni kwa Dennis, kwa azakhali a Muriel, ndi kwa mayi Hedges a pa tiyi. Tessa akuti agogo abwere aone dzino. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino pamsewu.

Ndine mwana wanu,
Lorraine

Ndatsegulanso envelopu. Angodutsa pawindo pompano, Bambo asenza mtengo watsopano wautali kuposa uja, apongozi anyamula dengu, aliumitsa. Akuti akukayeseranso, ulendo uno ndi mphaka. Amayi, musadikire Loweruka. Basi ikangoima, vulani epuloni mukwere.