Pepala la mawu makumi awiri ndi anayi

Lachiwiri, 4 Malichi
Woyamba kundiuza ndi Dieu, mpongozi wanga, tikusenda adyo. Akuti ntchito imene Thinh anasiya anzake aimaliza. Miyezi isanu ndi itatu mwana wanga ali pakompyuta, kuti pulogalamu yawo yosungiramo ndalama za pa intaneti izimvana ndi kachipangizo kotalika ngati chala, kobisa kiyi wa munthu mbava zisamupeze. Ndinkamuseka: ndalama zosagwirika, kiyi wosalowa pachitseko. Iye amvekere, "Nanga nthano zanuzo, bambo, zimagwirika?"
Masiku 56 chimwalirireni. Mvula ya kuno ku Hue yosakata.

Lachinayi, 6 Malichi
Kwabwera Tuyen, mnzake wa Thinh wa kuntchito, ndi malalanje. Wafukiza lubani pachithunzi. Kenako nkhani. Kachipangizo ka Thinh mwini kanaphwanyika pangozi ija ya njinga yamoto, ndipo zonse zimene ankasunga kuti agulire Dieu nyumba zimatsegulidwa ndi komweko. Akuti tisade nkhawa, bola pepala lipezeke. Mawu makumi awiri ndi anayi, olemba pamanja. Popanda ilo ngakhale iwo opangawo sangatsegule.
Ndafunsa kawiri kuti pepala lotani. Tiyi wandizizirira m'manja.

Lolemba, 10 Malichi
Dieu wakhuthula makabati onse. Ine n'kumamuthandiza kufunafuna. Nkhalamba yopanda manyazi.
Ndilembe pano basi. Tsiku la 49 chimwalirireni, potentha zomutumizira Thinh monga mwa mwambo, malaya apepala, ndalama zapepala, nsapato zapepala, ndinakumbuka kaenvelopu kofiira kamene anabisa paguwa la makolo m'nyumba muno, kuseri kwa chithunzi cha malemu amayi ake. Anandiuza yekha kuti kasasowe, n'kofunika kuposa chiphaso. Mkatimo mawu achilendo, ine woti kulemba ndinaphunzira imvi zitamera kale. Ndinati chinthu chofunika chotere mwiniwake akhale nacho komwe aliko, asavutike. Ndinakaika pamoto ndi manja awiri.

Lachisanu, 14 Malichi
Mpunga sukulowa. Tuyen pafoni: anthu a m'maiko akutali akuyamikira ntchito ya Thinh. Ndati zikomo.
Moyo wonse kusimba nkhani m'maukwati mpaka anthu kuiwala kudya. Lero kamwa gwa.

Lamlungu, 16 Malichi
Ndamuuza Dieu masana, akuchapa. Sanakuwe. Wafinya malaya, wayanika, wafinya ena. Kenako, "Bambo, munagwirako ngakhale liwu limodzi?" Ayi, mwanawe. Walowa kuchipinda, watseka.

Lolemba, 17 Malichi
M'mawa ndamupeza paguwa atavala kale za kuntchito, lubani akufuka. Amalankhula ndi chithunzi cha Thinh, koma mokweza kuti ndimve: "Walandiratu zonse. Ugule nyumbayo konko. Zipinda ziwiri, bambo ako amaliza mkonono."
Sanatembenuke. Watenga chikwama, watuluka. Sindikudziwa ngati madzulo ano abwerako.