Kabokosi ka Aleck

Mbayani,
Blantyre.
10 Okutobala 2023

Okondedwa achemwali a Sellina,

Muli bwanji ku Joniko, inu, alamu anga ndi ana? Chifuwa cha Vanessa chija chinatha? Kuno dzuwa likuwotcha ngati tinalilakwira. Ine ndili bwino, ngati munthu wochita zomwe ndachitazi angatero.

Musadabwe kuti ndalemba papepala n'kupatsira dalaivala wa basi. Chala chanu ndimachidziwa. Uthenga wa pafoni mukanautumiza ku gulu la banja musanamalize n'kuwerenga komwe.

Mukukumbukira kuti titaika mng'ono wanga Aleck, abambo aang'ono a ku Bangula anakhoma chipinda chake kwa amayi ku Chigumula, n'kulamula kuti ngakhale singano isatulukemo mpaka adzabwere kudzagawa katundu ndi kumutsanzika mwamwambo. Akubwera Loweruka likudzali.

Chomwe simukudziwa n'chakuti miyezi yonseyi, kuyambira iye akadali moyo, ndakhala ndikulumikiza kompyuta ya magemu. Kachipinda kanga mumakadziwa, ukatambasula miyendo umagogoda kwa aneba, ndiye ndinkafuna yaing'ono yokwana pa shelefu. Aleck ankandiseka. Yake ija ndi yaikulu ngati filiji, magetsi ofiira ngati m'bala, ndipo ankati yanga idzakhala kachitini ka mkaka.

Zipangizo ndinkagula chimodzichimodzi kwa a Kalimu, omwe ali ndi kashopu kuseri kwa msika wa Limbe: mazabodi yaing'ono ngati mbale ya ndiwo, fani yaifupi, ndi tina ndi tina. Zinatsala ziwiri, disiki yosungira magemu ndi khadi ya girafikisi, chija chimachititsa kuti osewera mpira pasikirini azithamanga osatsimphina. A Kalimu anati ndayambira kumchira. Pa kompyuta yaing'ono umayamba wapeza khadi, n'kuiyeza, kenako n'kusaka bokosi loti ikwanemo. Anachenjezanso kuti kanthu kopanikizana chotere kamatentha kwambiri, ndisadzakaike pafupi ndi katani.

Khadi yabwino ndinkadziwa komwe ili.

Lamulungu lina masana, amayi ali ku mphakati, ndinatenga kiyi. Amaibisa m'Baibulo, pa buku la Yobu, poganiza kuti ana awo sitifikako. Ndinadziuza zomwe munthu wa dipuloma amadziuza, kuti waya ndi pulasitiki sizidziwa maliro. Tsikulo ndinangofuna kuyeza. Tepi ndinalibe, ndiye ndinathyola bango pa mphasa yomwe inatsamira khoma, n'kulidula molingana ndi khadiyo. Ndili kale m'minibasi m'pamene ndinakumbukira kuti ndi mphasa ija panakhala bokosi lake la maliro.

Lamulungu lotsatira ndinabwerera, n'kuzula khadi ndi disiki yomwe.

Bokosi lokwana silinapezeke m'Limbe monse, choncho ndinapita kwa a Alidi, owotcherera zitsulo kuno ku Mbayani. Atangoona bangolo anapinda manja kumbuyo. Anati chibadwire muyeso wa bango anauona kumanda kokha, adzukulu akamayeza pokumba, ndipo bango lotero silibwerera kunyumba. Anafunsa kuti bokosilo ndi la ndani. Ndinati langa.

"Ndi lanu, kapena muzingolisunga?"

Ndinaseka ndekha. Anandiuza kuti ndiligwire ineyo, iwo ayeze ndi tepi yawo chapatali.

Kabokosi kanatuluka kokongola, achemwali, kakuda, ka timabowo m'mbali, khadi n'kukwanamo ndendende. Ndinakayatsa Loweruka masana, ana akusewera fulaye panja, mayi wa tomato akuitana malonda. Magemu onse a Aleck analimo. Ndinasankha wa mpira, padi yosewerera imodzi m'manja, inayo ili patebulo. Ya patebuloyo inayaka yokha. Timu yake ija inasankhidwa, mpira n'kuyamba.

Mudzati ndi makina ankasewera nane. Koma makina sabwezera mpira kwa goloboyi kasanu kotsatizana pofuna kungokupsetsa mtima. M'dziko muno anali munthu mmodzi yekha wa khalidwe loipalo. Anandichinya zitatu. Intaneti ndinalibe, bandulo inali itatha dzulo lake.

A Kalimu anati padi ikakalamba imatero, ndichotse mabatire. Ndinachotsa. Lachiwiri ndinachinyidwa zinayi. Za kutentha zija sindinazione. Kabokosiko kangagwire ntchito tsiku lonse, ukakagwira n'kozizira ngati chitseko cha ku mochale.

Apa mukuyembekeza kumva kuti ndinathawa. Sindinathawe. Nthawi ya nkhomaliro ndinkazemba ku ofesi, kuthamangira kunyumba kudzasewera gemu imodzi. Ndinkamutukwana ngati kale. Masabata atatu ndinali ndi mng'ono wanga, ndipo ku Chigumula sindinapondeko.

Nditapita Lamulungu lapitali ndinapeza amayi atatha thupi. Chitenje chikuwazungulira kawiri. Aneba anandinong'oneza kuti chakudya akumathira nkhuku. Nditawaumiriza amayiwo, anandiuza kuti chiikireni maliro, masana aliwonse ankamva mpando wa Aleck ukulira m'chipinda chokhomacho. Sankaopa. Ankadziwa kuti mwana ali pakhomo, akudikira kutsanzikidwa, ndipo ankadya. Koma masabata atatu tsopano kuli zii. Akuganiza kuti anamulakwira, wachoka wokwiya, ndipo abambo aang'ono adzatsanzika chipinda chopanda munthu.

"Gervazio, mwana wanga akukhala kwa ndani?"

Ndinayang'ana nkhuku.

Dzulo ndinapempha tchuthi, ndinakulunga kabokosiko m'thaulo, n'kukakwera minibasi ya ku Chigumula pa Limbe. Makondakitala athu mumawadziwa, mpando ndi anthu anayi, ngakhale mmodzi akhale wonenepa ngati alamu anga. Kumbuyo tinalipo atatu, ine, agogo ena ndi mayi wa beseni la nthochi, malo amodzi pambali panga ali poyera. Mtsikana wina atafuna kudutsa, kondakitala anatchinga ndi mkono.

"Kumbuyo kwadzadza, sisi."

Palibe anatsutsa. Pa bampu ina mayi wa nthochi anagunda malo opanda munthuwo ndi beseni, n'kunena kuti pepani achimwene.

Amayi ndinawapeza pakhonde. Sanayang'ane ine, anayang'ana pambali panga, kwa nthawi ndithu. Kenako analowa, anatenga Baibulo, n'kundipatsa kiyi osafunsa kanthu. Kabokosiko ndinakaika patebulo la Aleck, mapadi onse awiri pamwamba. Ndikukhoma chitseko, mpando unalira. Amayi anadya mpunga mbale ziwiri, n'kundikalipira kuti ndaonda.

Tsopano pempho langa ndi ili. Loweruka abambo aang'ono adzapeza m'chipindamo chinthu chomwe sanachisiye, ndipo filiji ya Aleck ili yobooka m'mimba. Akakapereka kwa ana awo, kapita ku Bangula, amayi asiyanso kudya. Akamva nkhani yonse mwadzidzidzi pamaso pa anthu, adzalamula kuti kakwiriridwe tsiku lomwelo, amayi asanakonzeke. Ine sangandimvere, amati sukulu inandilanda makutu. Inu ndinu oyamba kubadwa, mawu anu amawalemekeza.

Aimbireni lisanafike Lachisanu. Auzeni kuti wakuba ndine, ndidzagwada pabwalo, ndipo chilango chilichonse ndidzalandira. Koma kabokosiko mukapemphe kuti kakhale gawo lanu, ndipo munene kuti mukukasiya m'manja mwa amayi mpaka iwo eni adzanene kuti Aleck apite. Kunditukwana mudzanditukwana pa Khirisimasi, ndakusungirani tsiku lathunthu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Vanessa ndi Kelvin. Mulungu akusungeni, ndipo mutikumbukire m'mapemphero, tonse atatu kuno.

Ndinalonjeza mumtima kuti magemu ndasiya. Koma potsanzikana dzulo amayi anandigwira dzanja, n'kunena kuti Lachisanu masana ndisachedwe, mng'ono wanga alibe wosewera naye. Ndipita.

Ndine mlongo wanu,
Gervazio