Fupa la paphewa la amuna anga likutha

Aphungu,

Mu Novembala amuna anga a Yobu adanyamula thumba la feteleza wa makuponi, phewa n'kungoti thyo, osagwa, osagundidwa. Apongozi adati angobinya, naitana a Feggie, mayi wa mapasa, kuti aziwasisita phewalo m'mawa uliwonse monga timachitira kuno. Patha miyezi itatu. Phewa lagwa, dzanja silifikanso m'mwamba popachika fodya m'chigafa.

Kuchipatala adajambula kawiri. Pachithunzi chachiwiri, theka la fupa palibe. Adokotala adati, "Mayi, fupali likusungunuka. Pitani ku Lilongwe akachotse kachidutswa akapime." Apongozi akukana. Akuti, "Latsala lochepa, ndiye akachotsenso? A Feggie sadalepherepo."

Fodya wapsa m'munda. Tidikire tithyole kaye?

E. B., Santhe

A E. B.,

Ndakwiya, ndipo ndikukwiya m'malo mwa a Feggie, poti iwo ulemu wawachulukira. Mayi adabereka ana awiri tsiku limodzi, ntchito yokwana kale, inu n'kuwasandutsanso dokotala wa mafupa? Zaka zinayi zonse ndidakhala ku yunivesite sindidamvepo kuti fupa loti palibe limabwerera ndi chala chachikulu. A Feggie akusisita dzenje.

Ine si dokotala, koma matenda osungunula fupa pamalo amodzi alipo, ngakhale ndi osowa zedi. Kuti awadziwe, madokotala amayamba atsimikiza kuti si chifuwa chachikulu cha m'mafupa kapena khansa. Ntchito ya kachidutswako ndi imeneyo. Auzeni apongozi kuti sikaposa njere ya mtedza, pomwe matendawa adya theka lonse osawapempha chilolezo. Thandizo lilipo: mankhwala ochedwetsa kutha kwa fupa, kuwotcha ndi makina, nthawi zina opaleshoni. Koma zonsezi zimafuna fupa lotsalapo.

Kusisita kuthe lero. Dzanjalo likolekeni pachifuwa ndi chitenje, lisanyamule ngakhale ndowa. Tengani zithunzi zonse ziwiri, kalata ya adokotala ndi kabuku ka kuchipatala, munyamuke sabata ino. Fodya athyole achibale. Apongozi amene ali ndi mphamvu zotsutsana ndi chithunzi cha kuchipatala, kusoka fodya sikungawakanike.

Koma mverani ichi: phewa ndi chifuwa n'zoyandikana, ndipo matendawa amatha kudzaza madzi m'chifuwa. A Yobu akayamba kubanika, musadikire matola a tsiku la msika. Fodya mudzafesa wina chaka chamawa, mayi. Kuponi ya fupa palibe amene akugawa.