Unandifunsa Kumene Mbewa Zimakhala

Adelaide,
9 Febuluwale

Wokondedwa mlongo wanga Darcy,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse kumudziko. Bondo lija linasiya kukuvuta? Ine kuno ndilipo, kungoti kukutentha koopsa, ndipo ntchito kuchipatala yachuluka.

Loweruka ndinakumana ndi msuweni wathu Trevor pamsika. Anandiuza akuseka kuti iweyo wachita chamuna, tchire lonse la kumadzulo kwa munda walisalaza ndi thirakitala, pangoti mbee ngati bwalo la mpira. Ndinamutsutsa pamaso pa anthu, ndinati mlongo wanga sangachite zimenezo. Iye anangotulutsa foni n'kundionetsa chithunzi. Ndinachita manyazi, Darcy, ndipo mpaka lero mtima ukundiwawa.

Pa Khirisimasi unandifunsa kumene mbewa zakutchire zimakhala. Unati ukufuna kutchingapo mpanda kuti nkhosa zisamapondepo. Ine kupusa kwanga ndinakutenga, tinayenda dzuwa likuswa mtengo. Ndinakuonetsa malo a mbewa zofiirira zija, pansi pa zitsamba zowirira pamene masamba ouma amaunjikana. Ndinakuonetsanso tinjira timene zakuda zija zimapanga mu udzu wa kudambo, monga momwe malemu bambo anandionetsera ndili mwana. Iwe unkangogwedeza mutu kuvomera, osadziwa ine kuti ukuloweza modzadutsa thirakitala.

Trevor akuti umadandaula kuti mbewazo zikukuthera tirigu. Bodza limenelo, ndipo ukudziwa. Mbewa zimenezo sizichoka pamthunzi, zimadya bowa, mizu ndi tizilombo. Zimene zimaboola matumba ako ndi zing'onozing'ono za m'nyumba zija, zokonda poyera polimidwa. Wazikulitsira bwalo wekha, uziona chaka chino.

Munda ndi wako, sindikukana, ndiwe amene unatsala kuulima ine nditachoka. Ukanandiuza zoona tikanakangana, nkhani n'kutha. Koma unandiyendetsa ngati galu wako wosakira, ine ndikusangalala kuti tayambanso kumvana.

Pempho langa ndi limodzi. Udzu wa kudambo uja sunaufike. Usaulime, usautenthe, usalowetsemo nkhosa mpaka ndibwere pa Isitala. Mbewa zimene zapulumuka zilibe kwina kobisala.

Undiperekere moni kwa azakhali a Beryl, alamu anga a Noeleen ndi ana onse. Mwana wako Tilly ndinamulonjeza kuti pa Isitala ndidzamuonetsa tinjira ta mbewa. Tikadzapeza dothi lokhalokha, udzamufotokozere ndiwe. Ine ndidzangoima pambali ndikukuyang'ana.

Ndine mlongo wako,
Lorraine