Mlatho Wosafika Tsidya

Mbulumbuzi, Chiradzulu
9 Okutobala, 1981

Mwana wanga Gladson,

Choyamba ndimve za moyo wako, wa apongozi anga amake Easter, ndi wa ana. Kodi chifuwa cha wamng'ono uja chinasiya? Ine kuno ndikudzuka ndithu, kungoti bondo lamanzere layamba kale kulosera mvula.

Ndili ndi funso, ndipo usandiseke. Pa wailesi ya kusitolo kwa a Halidi ndinamva kuti boma laika ndalama zomangira ndi kukonzera madoko a asodzi, ndipo anatchulanso nyanja yanuyo ya Chilwa. Ine ndimadziwa kuti doko ndi pomwe mtunda wathera, madzi nkuyamba. Nanga chomanga nchiyani pamenepo?

A Halidi amapita kumeneko kukagula matemba, ndiye ndinawafunsa. Iwo anati amamanga mlatho wolowa m'nyanja koma wosafika tsidya. Akuti umangopita, umangopita, kenako nkuima pakati pa madzi. Ndinawauza kuti bodza lotere azisungira pa bawo. Analumbira kuti nzoona, akuti mabwato amakocheza m'mbali mwake kuti otsitsa nsomba asamamire m'thope.

Tandiuza iwe amene ukuona ndi maso. Mizati yake amaizika bwanji pansi pa madzi? Dzenje amakumba ndani, ndipo amapuma bwanji? Chiswe chimafika kumeneko? Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, mwina izi zinali m'mabuku a kutsogolo.

Sindikufunsa mwachabe. Mzere wa mabulugamu kuseri kwa nyumba, umene ndinadzala chaka chomwe unabadwa iwe, wagwa. Amalume ako a Dickson anagulitsa kwa kontalakitala wa dokolo. Ine ndinangomva nkhwangwa ndili kumunda.

Nditawafunsa, anandifunsanso pamaso pa anthu ngati pobwera kudzakwatira mlongo wawo ndinabwera ndi dothi m'thumba. Ndinati dothi ayi, koma madzi othirira ndinkatunga ndekha kudambo, iwo ali ku Salisbury akuvala zipewa. Anati madziwo mitengo inamwa kalekale, chatsala ndi nthaka, ndipo nthaka ndi ya mbumba yawo. Anthu anaseka. Ndikuganizabe yankho lake mpaka lero.

Woyendetsa lole yodzatenga mitengoyo ndiye anali munthu. Ndinamufunsa kumene mitengo ikupita, anati ku Chilwa, ndipo akaiviika kaye m'mankhwala akuda onunkha ngati phula kuti isaole. Ataona kuti ndikungozungulira loleyo, anati madala kwerani muperekeze ana anuwa. Ankanena zoseka, koma phazi langa linali litaponda kale tayala.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi iyi. Mwezi watha andisudzula. Anati maliro a mayi ako atha bwino, ndawasunga bwino mpaka kumanda, ndiye ndine womasuka kubwerera kwathu mvula isanagwe. Nyumba akufuna alowemo Dorothy, mwana wa amayi ako aang'ono, amene wangokwatiwa kumene. Mlongo wako akanakhala ndi moyo, palibe akanandigwedeza, chifukwa ndikanakhala pakhomo pa mwana wanga wamkazi. Koma ndatsala ndi iwe, mwamuna, ndipo pamudzi pano mawu ako ndi a mphwawo wa a Dickson basi.

Ndinapita ku Mpama kukaona kwathuko. Amayi anga anafika pamenepo ali kumsana kuchokera kwa Apwitikizi, ndipo onse amene ankadziwa zimenezo anagona. Zidzukulu za mlongo wanga zinandipatsa mpando ndi madzi akumwa, mwaulemu ndithu. Kenako mmodzi anandifunsa ngati ndibwerere tsiku lomwelo kapena mawa.

Pobwerera ndinkangoganiza za mlatho wa a Halidi uja. Munthu wauyamba bwinobwino kumtunda, wayenda, nkupeza matabwa atha. Amatani akafika pothera? Amakhala pansi, kapena amamuthamangitsa?

Ndikudziwa kuti nawenso ndiwe mkamwini kumeneko. Pakhomo si pako, ndipo kubweretsa bambo wako kwa eni mudzi si chinthu chopepuka. Sindikukulamula. Ndikupempha kuti ukhale pansi ndi amake Easter, iwo akalankhule ndi amalume awo mwa dongosolo lake. Nyumba sindikufuna. Kakhitchini kosadontha kandikwana. Kudya kwanga kunachepa, ndipo dzanja likadagwirabe khasu ndi kasemasema.

Ufunsenso izi. Wailesi inati ndalamazo nzokonzeranso, si zomangira zokha. Ndiye kuti payenera kukhala munthu woyendera matabwa, wokhoma msomali ukazuka, wosesa mamba. Kodi amalemba nkhalamba? Akakana palibe kanthu. Ungondifunsira ngati munthu amaloledwa kukhala pamlathopo osagula kanthu, osafunsidwa kuti kwanu nkuti.

Pali mtengo umodzi umene ndikufuna undiyang'anire. Ukukumbuka waya amene mayi ako ankayanikapo zovala? Anamumanga pa bulugamu wakumapeto mtengowo ukadali ngati mkono. Pokula unameza wayayo, nkutupa mozungulira ngati mkanda. Anthu odula analephera kumusolola, anangodula mbali zonse, kachidutswa nkutsalira m'kati. Ngakhale aupake zakuda, chotupacho chioneka. Upite ndi bwato pansi pa mlatho, uyang'ane mzati uliwonse. Ndikufuna kudziwa ngati anauika kumtunda, kapena kutsogolo kwenikweni kumene madzi ndi akuya. Mayi ako ankaopa ngakhale mtsinje wofika m'mawondo.

Lole ibweranso kumapeto kwa mwezi uno kudzatenga mitengo yotsala, ndipo woyendetsa uja wanena kuti malo alipo pamwamba pa katundu. Yankho usalembe, positi imachedwa. A Halidi afika kudoko kwanuko sabata ya mawa. Ukangowauza kuti inde kapena ayi, ine ndimva. Akati ayi, sindidzakusungira mangawa. Amene ndili nawo kale andikwana.

Zitsa zija zayamba kuphukira, masamba ofiira ngati kuti palibe chinachitika. A Dickson amabwera m'mawa kudzaziyang'ana manja ali kumbuyo. Zitsazo nzawo, azisunge. Ine ndamanga kale mphasa ndi kasemasema, ndikufuna nditsate mitengo imene inapita.

Undiperekere moni kwa apongozi anga ndi akuluakulu onse a pamudzipo. Easter umuuze kuti agogo ake sanaonepo madzi opanda tsidya, ndiye adzandigwire dzanja. Mulungu akusungeni nonse, ndipo bwato lako lizibwerera lolemera.

Ndine bambo wako,
Nikodemo Kalinde