Batani Lofiira ndi Ng'oma ya Abambo

Johannesburg
23 Juni 2024

Mphatso mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi onse kwa Dzoole. Mwendo wa amayi uja ukupeza bwanji? Ine ndilipo, kupatula chifuwa. Kuzizira kunayamba pa 2 Juni, ndipo zenera la chipinda chimene tikugonamo anthu anayi n'losweka.

Kiyibodi yoimbira nyimbo ija ndinaitumiza pa 11 Epulo, inafika kusitolo ya a Sadick ku Mponela pa 26. Unandiuza kuti pa sola yakunyumba ikulira bwino, ndiponso kuti wadziwa kale kuti ukadina batani lofiira, chala chimodzi chimaliza ng'oma, gitala ndi malipenga pamodzi. Ndinakondwa, mpaka ndinauza anzanga onse kuntchito.

Zimene sunandiuze ndazimva kwa amayi Lachitatu, pa 19. Akuti pa 12 Meyi unapita nayo kutchalitchi, ndipo a Elisha, oimbitsa kwaya, anauza abambo pamaso pa anthu kuti apume, kwabwera ng'oma zam'makina zosafuna kuwamba padzuwa. Akuti achinyamata anaseka, wina n'kunena kuti agogo azikaimbira nkhuku. Iwe unali pomwepo, osadzutsa mutu.

Abambo anayamba kuimba ng'oma imeneyo mu 1989, iwe usanabadwe. Ndi zaka 35. Kuchokera tsiku lija padutsa Masabata asanu asanaponde kutchalitchi, lero mwina lachisanu ndi chimodzi. Akuti amasamba ndithu, kuvala jekete, n'kukakhala kuseri kwa chigafa cha fodya, mmene anapachika ng'omayo. Anauza amayi kuti mwana wawo wa ku Joni wawatumizira wowalowa m'malo.

Mawu amenewo sakundichoka m'mutu. Ndinagwira ntchito Loweruka lililonse miyezi isanu ndi iwiri kuti iwe uphunzire, muziimba ndi abambo pakhonde. Ndikanadziwa, ndikanagula njinga.

A Elisha akuti abambo amachedwa poimba ng'oma. Zoona, dzanja lawo likunjenjemera. Koma inenso ndinaimbapo m'kwayamo. Abambo amamvetsera anthu: amayi achikulire akumbuyo mpweya ukawathera, iwo amawadikira. Makinawo sadikira munthu. Amayi akuti iwo ndi anzawo tsopano amangoomba m'manja, nyimbo imawasiya panjira.

Pempho langa ndi limodzi. Batani lofiiralo ukalidinanso kachiwiri, ng'oma zimasiya, pamatsala mawu a limba okha. Ndinayesa katatu m'sitolo ndisanagule. Uyambire kunyumba, a Elisha kulibe. Kiyibodiyo uitulutse pakhonde, uzimitse ng'omazo, ukatsitse ya abambo wekha m'chigafa, ugwade, uwapemphe akutsogolere. Zikuvuta, chifukwa pafunika zala zonse khumi osati chimodzi, ndipo uzilakwitsa anthu akumva. Kuphunzira ndinkanena ndi kumeneko.

Ngati sungathe, uibwezere m'katoni yake, ukaisiye kwa a Sadick pasanafike pa 6 Julayi. Ndawauza kale. Sindikukuopseza, Mphatso. Ndangotopa ndi kuchita manyazi ndili kutali.

Upereke moni kwa amayi, kwa azakhali ku Mtengowanthenga, kwa alamu ako a Rakele ndi ana. Abambo usawapatse moni wanga. Ndawaimbira foni kanayi, sakuyankha. Tsiku limene atakhale pakhondepo, undiimbire, uike foni pansi pafupi ndi ng'oma, usalankhule. Moniwo ndidzapereka ndekha.

Ndine mlongo wako,
Paulo